Trafalgar Square: kodi Chilembwe akadalipo, nanga kwaya ingaimbepo?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Kwaya ya amayi, anthu pafupifupi 30, ikufuna kupita ku London Loweruka lina kukaona chiboliboli cha John Chilembwe pa Trafalgar Square, kujambulitsa atavala yunifolomu, ndi kuimbapo nyimbo ziwiri zitatu. Ena achokera ku Manchester pa basi, ena ku Luton pa sitima. Pali agogo awiri oyendera ndodo komanso ana angapo. Odziwa malowa tithandizeni: tifika bwanji, tikumana pati, nanga kuimba amalola?

A Mbewe:
Mayi Nachisale, ndiyambe ndi yokhumudwitsa: Chilembwe anachokapo kale. Pabwalopo pali nsanja zinayi zamiyala zoimikapo ziboliboli. Zitatu zili ndi eni ake okhazikika, Mfumu George IV ali pa kavalo, ndi akuluakulu a asilikali awiri, Henry Havelock ndi Charles James Napier, amene anatchukira pa nkhondo za atsamunda ku India. Yachinayi, ya kumpoto chakumadzulo, inamangidwa mu 1841 kuti padzakhale Mfumu William IV, koma ndalama zinaperewera, nsanja n'kukhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Mu 1999 anayamba kuikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana, iliyonse chaka chimodzi kapena ziwiri. Ntchito ya Samson Kambalu, yotchedwa Antelope, inavundukulidwa pa 28 September 2022 ndipo inakhalapo mpaka 2024. Mu September chaka chomwecho panabwera ya Teresa Margolles wa ku Mexico. Zithunzi zimene zikuyendabe pa Facebook ndi WhatsApp ndi za nthawi imeneyo. Auzeni amayiwo asanagule matikiti.

Nachisale:
Mayo ine! Ndiye ulendo wafa?

Gogo wa ku Croydon:
Usafe mwana wanga. Nsanja ilipo, ndipo wina atha kuima patsinde pake n'kufotokozera ana chimene chinali pamwambapo. Kambalu anatengera chithunzi cha mu 1914 chojambulidwa pa tchalitchi chatsopano cha Chilembwe ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Pachithunzipo Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu, John Chorley, onse awiri zipewa zili kumutu. Nkhani yonse ili pa chipewacho, chifukwa masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kukhala chivalire chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anapanga Chilembwe wamkulu kwambiri, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wa munthu wamba, kuti woyang'ana kuchokera pansi ayambe waona Chilembwe. Dzina lakuti Antelope likuloza kwa kasiyamaliro wa ku gule wamkulu. Chaka chotsatira chithunzicho, pa 23 January 1915, kuukira kunayamba, Chilembwe anaphedwa kumayambiriro kwa February, ndipo tchalitchi chija atsamunda anachigumula. Mwana akamva zimenezi ali chiimire pafupi ndi ziboliboli za Napier ndi Havelock, amvetsa bwino kuposa kungoona nkhope ya Chilembwe pa ndalama.

A Kamanga:
Ine ndilowe pa za kuimba, chifukwa apa ndi pamene magulu amalakwitsa. Bwalo limaoneka limodzi, koma oliyang'anira ndi awiri. Pakati pamene pali chipilala cha Nelson, akasupe ndi ziboliboli za mikango pali m'manja mwa Greater London Authority, ofesi ya meya wa London. Khonde lalikulu la kumtunda, kutsogolo kwa National Gallery, nyumba yoonetsera zithunzi zojambula pamanja, ndi misewu yozungulira zili m'manja mwa khonsolo ya Westminster. Malamulo ake ndi osiyana.

Pakatipo, chilichonse chooneka ngati msonkhano kapena chionetsero chokonzedwa chimafuna chilolezo cholembedwa cha ofesi ya meya: kuimba monga gulu, kulalikira, zokuzira mawu, ng'oma, tebulo, kugulitsa kanthu, kujambula vidiyo ya malonda. Fomu ili pa webusaiti ya ofesiyo. Mukonzekere kunena tsiku, maola, chiwerengero cha anthu, zida zimene mubweretse ndi dzina la woyang'anira gulu. Lembani kukadali masabata ambiri, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu amakhala atatengedwa kale ndi zikondwerero ndi zionetsero. Pakhonde la kumtunda, kuyambira 2021 Westminster imafuna layisensi kwa osangalatsa anthu mumsewu. Kusonkhetsa ndalama ndi nkhani inanso payokha, chilolezo chake chimachokera ku Metropolitan Police. Mbale ya chopereka isiyeni kunyumba.

Achimwene a ku Leeds:
A Kamanga, mukuwaopseza amayiwa. Anthu 30 kuima pa masitepe, kujambulitsa ndi foni, n'kuimba ndime imodzi popanda chimkuzamawu, ndani angawagwire?

A Kamanga:
Kugwidwa ayi, achimwene. Koma pabwalopo pamakhala alonda a yunifolomu usana ndi usiku. Kujambulitsa chithunzi cha gulu sangakuletseni. Mukafola mizere, woimbitsa n'kuima kutsogolo, anthu n'kuyamba kuunjikana, mlonda abwera mwaulemu kudzafunsa pepala, ndipo popanda pepala nyimbo ithera pakati. Manyazi amenewo pamaso pa ana ndi agogo ndi amene ndikufuna awapewe. Safunsa anadya phula.

Nabanda:
Pali khomo lina limene makwaya ambiri salidziwa. Chaka chilichonse kuyambira 1947 mzinda wa Oslo umatumiza mtengo wa Khirisimasi ku London, kuthokoza thandizo la Britain kwa Norway pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndi mtengo wautali mamita oposa 20, wa zaka 50 kapena 60. Magetsi ake amayatsidwa Lachinayi loyamba la December ndipo umakhalapo mpaka kumayambiriro kwa January. M'masabata amenewo ofesi ya meya imagawa nthawi kwa makwaya kuti aziimba nyimbo za Khirisimasi patsinde pa mtengowo madzulo, ambiri akusonkhetsera mabungwe othandiza anthu. Kwaya imalembetsa miyezi ingapo December asanafike. Ngati cholinga chenicheni ndi chakuti mawu a Chichewa amveke pabwalopo, njira yake ndi imeneyo. Kungoti muvale zokhuthala pansi pa yunifolomu: ola lathunthu chiimire pamiyala mu December si masewera, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

A Gondwe:
Za mayendedwe. Siteshoni ya sitima zapansi imene ili pabwalo penipeni ndi Charing Cross, pa mizere ya Bakerloo ndi Northern. Ili ndi makomo angapo, tsatirani chikwangwani cholembedwa Trafalgar Square, apo ayi mutulukira ku Strand n'kuyamba kudutsa misewu ndi ana.

Msampha waukulu ndi Northern line. Pakati pa mzinda mzerewu uli ndi nthambi ziwiri, ina yodzera ku Charing Cross, ina yodzera ku Bank. A ku Luton akatsikira pa St Pancras n'kulowa Northern ya pa King's Cross, imeneyo ndi nthambi ya Bank, sifika pabwalopo. Kuchokera pamenepo akwere Piccadilly line mpaka Leicester Square, n'kuyenda mphindi zisanu kutsetsereka ndi Charing Cross Road. Kapenanso asatsike pa St Pancras, apitirire ndi sitima yomweyo ya Thameslink mpaka Blackfriars, akwere District kapena Circle yolowera kumadzulo, siteshoni yachiwiri ndi Embankment. Pogula matikiti a Thameslink afunse GroupSave, imene imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo kwa akuluakulu atatu mpaka asanu ndi anayi oyenda limodzi kunja kwa maola a chipwirikiti.

A ku Manchester basi iwasiya pa Victoria Coach Station. Kuchoka apo kupita ku siteshoni ya sitima ya Victoria ndi mphindi 5 mpaka 10 wapansi. District kapena Circle yolowera kum'mawa, siteshoni yachitatu ndi Embankment.

Mayi a Chisomo:
A Gondwe, mwaiwala agogo a ndodo aja. Charing Cross ya pansi, Embankment ndi Leicester Square zonse zili ndi masitepe, palibe chikepe chofika kumsewu. Agogo akwere basi. Nambala 24 imadzera ku Victoria, Parliament Square ndi Whitehall mpaka pa Trafalgar Square, ndiye ochokera ku Manchester akhala ataoneratu Big Ben ali pampando. Mabasi onse a London ndi otsika pakhomo. Agogo ochokera ku Luton atsikire pa Farringdon, akwere Elizabeth line siteshoni imodzi mpaka Tottenham Court Road, konseko zikepe zilipo, kenako basi 24 kapena 29 yolowera kumwera. Pabwalo penipeni palinso chikepe pambali pa masitepe akuluakulu, chokwezera anthu kukhonde la kumtunda.

A Gondwe:
Zoona mayi, mwandikonza. Ndionjezere za malipiro. Mabasi a London anasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014. Aliyense akhale ndi khadi yake ya kubanki yongogunditsa, kapena Oyster, khadi yolipirira mabasi ndi sitima za mu London. Khadi imodzi siyilipirira anthu awiri, ndiye zoti mayi mmodzi alipirira onse sizitheka. Pa sitima gunditsani polowa ndi potuluka, ndi chinthu chimodzimodzi: mukalowa ndi foni n'kutuluka ndi khadi, makina amaona ngati maulendo awiri osamalizidwa ndipo amakudulani mtengo wapamwamba kawiri. Musagunditse kachikwama konse muli makhadi angapo. Pa basi mumagunditsa polowa pokha. Ana osakwana zaka 11 salipira pa basi, ndipo pa sitima zapansi ana anayi atha kulowa ulere ndi wamkulu mmodzi wolipira, kudzera pageti lalikulu la m'mbali. Anthu 30 musayese kulowa basi imodzi Loweruka masana. Gawanani magulu a anthu 6 kapena 8, gulu lililonse ndi mtsogoleri amene foni yake ili ndi moto.

Amene akuganiza zobwera ndi minibasi yahayala aiwale zoimika pafupi. Bwaloli lili m'dera lolipiritsa magalimoto olowa pakati pa mzinda, ndipo poimika palibe.

Achimwene a ku Leeds:
Pokumana n'posavuta. Pamkango basi.

Nabanda:
Mkango uti, achimwene? Ilipo inayi, yofanana, ndipo pakati pake pali tsinde lalikulu la chipilala lotchinga maso. Wina aima kumwera, wina kumpoto, onse akulumbira pafoni kuti ali pamkango. Kumanani pa masitepe a tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields, kumpoto chakum'mawa kwa bwalo. N'chimodzi chokha, nsanja yake yosongoka imaonekera patali, ndipo khonde lake lili ndi denga mvula ikagwa. Pansi pa tchalitchicho pali malo odyera otchedwa Café in the Crypt, agogo atha kukhala pampando ndi tiyi podikira ochedwa. Ana muwaonetse tchalitchicho mukangofika, muwauze kuti wosochera apite pamenepo, ndipo nambala ya foni ya kholo ilembedwe pakapepala m'thumba mwa mwana.

A Mbewe:
Poti mwatchula mikango. Ndi yamkuwa, anaipanga ndi Edwin Landseer, ndipo inaikidwa mu 1867, patapita zaka zoposa 20 chipilala chitatha. Ana adzafuna kukwera chifukwa aona anzawo akukwera. Vuto lili pawiri. Mkango uli pamwamba pa nsanja yamwala yotalika, pansi pake ndi mwala wokhawokha, ndipo msana wake unasalala ndi kukhalidwa, moti kukachita kamvula pang'ono umaterera ngati therere. Kukwera kumatheka wina akakukankha, kutsika ndiye kumene anthu amathyokera. Chithunzi chojambulidwa mwana ataima pansi pafupi ndi mapazi a mkango chimatuluka bwino lomwe.

Achimwene a ku Leeds:
Chipilalacho ndi mamita 56, eti? Ana amafunsa.

A Mbewe:
Mabuku akale amatero, koma pokonza mu 2006 anachiyeza bwino n'kupeza kuti ndi pafupifupi mamita 52, kuyambira pansi mpaka pachipewa cha Nelson. Anachimanga kuyambira 1840 mpaka 1843 potsata pulani ya William Railton. Horatio Nelson ndi mkulu wa zombo zankhondo amene anagonjetsa zombo za France ndi Spain pa 21 October 1805 pafupi ndi Cape Trafalgar, kugombe la Spain, iye n'kufera pa nkhondo yomweyo. Zithunzi zinayi zamkuwa za patsinde anazisungunula kuchokera ku mizinga yolandidwa kwa Afalansa. Yang'anitsitsani cha kumwera, choyang'ana ku Whitehall, chimene chikuonetsa imfa ya Nelson: chakumanzere kuli msilikali wa pachombo wakuda atagwira mfuti. Anthu ambiri amadutsa osamuona.

Gogo wa ku Croydon:
Akasupe aja nawonso ali ndi nkhani yogwirizana ndi zimene a Kamanga anena. Oyamba anaikidwa m'ma 1840, ndipo chimodzi mwa zolinga chinali kuchepetsa malo oti khamu lingasonkhane. Boma linkaopa anthu ake omwe. Amene alipo lero ndi a Edwin Lutyens, a kumapeto kwa ma 1930. Koma madzi sanaletse kanthu. Pa 13 November 1887 apolisi ndi asilikali anamenyana ndi ochita zionetsero pomwepo. Pa 31 March 1990 zionetsero zokana msonkho wa pamutu wa boma la Margaret Thatcher zinasanduka chipolowe. Nyumba yaikulu ya kum'mawa kwa bwalo ndi South Africa House, ofesi ya kazembe wa South Africa. Kuyambira April 1986 anthu odana ndi tsankho anaima pakhomo pake usana ndi usiku, chilimwe ndi chisanu, mpaka Nelson Mandela atatulutsidwa m'ndende mu February 1990. Mu 1996 Mandela, ali pulezidenti, analankhula kwa khamu ataima pakhonde la m'mwamba la nyumba yomweyo. Amene ali ndi abale ku Joni awajambulire nyumbayo. A ku Harare ndi Bulawayo, Zimbabwe House ili pa Strand, mphindi zochepa kuchoka pabwalo.

Mayi a Chisomo:
Mbiri yakoma agogo, koma ine za kamba. Kudya chakudya chanu pabwalopo palibe choletsa, khalani m'mphepete mwa akasupe kapena pa masitepe. Choletsedwa ndi kudyetsa nkhunda. Kale zinalipo zikwizikwi ndipo chakudya chake chinkagulitsidwa pomwepo, koma zitosi zinkawononga miyala. Meya Ken Livingstone anathetsa malondawo, mu 2003 kudyetsa kunaletsedwa ndi lamulo, ndipo amabweretsa mbalame zolusa zophunzitsidwa kuti ziziziopseza. Pali chindapusa. Mwana asamwaze nyenyeswa za mandasi. Kulowa m'madzi a akasupe nakonso n'koletsedwa, ngakhale kutenthe bwanji.

Zimbudzi zili pansi pa khonde la kumtunda, pambali pa masitepe, zimalipiritsa kandalama kochepa. Za mu siteshoni ya sitima zapamtunda ya Charing Cross ndi zaulere, za mu National Gallery nazonso. Malesitilanti ozungulira bwalo ndi odula ndipo ambiri amaonjezera 12.5% pa bilu. Masitolo a pa Strand ali ndi masangweji ndi zakumwa zotchipa.

A Kamanga:
Mu National Gallery kulowa ndi ulere, amatsegula 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lachisanu mpaka 9 koloko usiku. Pakhomo amasecha zikwama, ndipo anakhwimitsa kwambiri anthu ochita zionetsero atathira supu pa chithunzi cha Van Gogh mu 2022. Mu 2024 anafika poletsa kulowa ndi zamadzimadzi kupatula mkaka wa mwana ndi mankhwala. Werengani malamulo a tsikulo pa webusaiti yawo. Mafulasiki a tiyi, mabotolo a thobwa ndi masutikesi zidzakubwezetsani pakhomo, ndiye awiri atsale panja ndi katundu, kapena idyani kaye musanalowe. Gulu lalikulu lisungitsiretu malo pa intaneti, mzere wa Loweruka umatalika.

Nabanda:
Akuba asaiwalike. Pakhonde la kumtunda pamakhala ovala zachilendo ooneka ngati akuyandama m'malere, ovina, ndi ojambula mbendera za mayiko pansi ndi choko kuti anthu aponye makobidi pa mbendera yakwawo. Paliponse pamene anthu apanga bwalo maso ali kutsogolo, wopisa m'thumba amakhala kumbuyo. Chikwama chikhale kutsogolo, zipi yotseka. Foni musaigwire ndi dzanja limodzi m'mphepete mwa msewu, amene amatsomphola amabwera pa njinga zamagetsi zosamveka phokoso. Wovala zachilendo mukajambulitsa naye adzafuna ndalama. Njinga zamagudumu atatu zonyamula anthu, zamagetsi ophethira ndi nyimbo, musakwere musanagwirizane mtengo wa ulendo wonse, chifukwa ena amawerengera pa mphindi ndi pa munthu. Zikavuta pomwepo imbirani apolisi pa 999, zimene zachitika kale 101, za mu sitima tumizani uthenga ku 61016.

A Gondwe:
Tsiku musanasankhe, onani kalendala ya bwalo pa webusaiti ya meya. Pamachitika chaka chatsopano cha anthu a ku China, St Patrick's Day mu March, Vaisakhi, Eid, Pride, Diwali, kuonjezera zionetsero za ndale zimene zimakonda Loweruka. Tsiku lotero pamamangidwa nsanja ndi mipanda, misewu imatsekedwa, basi 24 ija imapatutsidwa, ndipo chithunzi chanu chidzadzaza ndi matenti. Amene amaganiza zodzaonera makombola a chaka chatsopano pabwaloli adziwenso kuti amaphulitsira ku London Eye, m'mbali mwa Thames, ndipo kuyambira 2014 n'kwa matikiti.

Achimwene a ku Leeds:
Ine ndibweze ulemu wanga ndi za chithunzi. Malo amene aliyense amathamangira ndi pamwamba pa masitepe, kumbuyo kuli chipilala ndi Big Ben chapatali kumapeto kwa Whitehall. Koma kumeneko ndi kumwera, ndipo ku London dzuwa limadzera kumwera. Masana wojambula amayang'anana ndi dzuwa, nkhope zathuzi zimangotuluka mdima, mabulauzi oyera okha n'kumawala. Tembenukani: kwaya ifole pa masitepe akuluakulu kuyang'ana kumwera, National Gallery kumbuyo, wojambula aime pansi pakati pa akasupe. Masitepe amakonza okha mizere itatu ya anthu 10, aafupi kutsogolo. Nsanja imene panali Chilembwe imakhala kumanzere kwa wojambula, akabwerera m'mbuyo pang'ono ilowa m'chithunzi. Cha Big Ben chijambuleni kukakhala mitambo. Fikani 10 koloko isanakwane, masitepe asanadzaze ndi okhala pansi.

Nachisale:
Apa ndiye mwatikonza, achimwene. Tikatha pabwalo, maola otsalawo tilowere kuti kosatopetsa agogo?

A Mbewe:
Kumwera kwa bwalo, pakachilumba ka pakati pa misewu, pali chiboliboli cha Mfumu Charles I ali pa kavalo. Mitunda yopita ku London imayezedwa kuchokera pamenepo, chikwangwani chake chili pansi kumbuyo kwa kavaloyo. Kuchoka apo njira ndi ziwiri. Kudzera pa Admiralty Arch ndi The Mall mufika ku Buckingham Palace, mphindi 15 mpaka 20 kwa wa miyendo yabwino. Kutsika ndi Whitehall ndi pafupifupi kilomita imodzi: asilikali a pa akavalo a pa Horse Guards, geti la Downing Street kumene kumakhala nduna yaikulu ya Britain, kenako Parliament Square pamene pali chiboliboli cha Mandela. Poyamba ankafuna kuchiimika pakhonde la kumtunda la Trafalgar Square, khonsolo ya Westminster inakana, ndiye chinaimikidwa kumeneko mu 2007. Kutsidya kwa msewu ndi Westminster Abbey, mmene muli manda a David Livingstone, koma kulowa monga mlendo n'kolipira ndipo si kotchipa. Kwa gulu lanu ndingasankhe Whitehall. Agogo akwere 24 yolowera ku Pimlico atsikire pa Parliament Square, ena ayende, ndipo a ku Manchester akhala ali kale panjira ya ku Victoria.

Mayi a Chisomo:
Basi yobwerera ku Manchester siyidikira munthu. Kuchoka pa Parliament Square mpaka kukhala pampando ku Victoria Coach Station muwerengere ola lathunthu ngati muli ndi agogo ndi ana, ndipo tikiti ya aliyense ikhale pafoni yake kapena papepala lake, isakhale yonse m'foni ya mayi mmodzi.

Nachisale:
Zikomo nonse. Tipita kukajambulitsa kokha ulendo uno, Loweruka lopanda chikondwerero, kukumana pa masitepe a St Martin 9:30 m'mawa. A Kamanga ndi Nabanda, mundithandize kuyang'ana fomu ya makwaya a December ikangotuluka. Gogo, nkhani ya chipewa ija mudzafotokoze ndinu patsinde pa nsanja, ana akumvereni okha.